Mphalapala ya m'Kabokosi

Sabata yatha chakwana chaka chimwalirireni amalume anga, aNahache. Tinasonkhana kwawo, kunsi kwa phiri la Michesi, kukamanga chiliza. Anthu anabwera ambiri ndithu, anaimba bwino, anadya. Koma ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba ndinamva amayi awiri akunong'onezana nkhani yakale ija, yoti malemuwa anali munthu wouma mtima, amene analola mkazi wake kugulitsa dimba la makolo chifukwa chokakamira kandalama kamodzi. Ndinapsa mtima kwambiri, koma sindinayankhe, poti kukhala chete pa nkhani imeneyi ndinakuzolowera kwa zaka zambiri. Tsopano ndatopa nako. Amene anandilumbiritsa anapita, amene ankabisiridwa nkhaniyo nawonso anapita, ndiye ndinena.

Amalume anali mchimwene wa mayi anga. Anali munthu wamfupi, wamatewe, ndipo ankayenda maso ali pansi ngati wataya singano. Zaka zambiri anagwira ntchito ya ulonda wa nkhalango, cha ku Fort Lister ndi m'mapiri onse awiri, Michesi ndi Mulanje, ndipo ngakhale atapuma ntchito chizolowezi chowerenga mapazi sichinawachoke. Tikamapita kutchalitchi ankaima pakati pa njira n'kutiuza kuti apa padutsa nungu, apa padutsa munthu wosenza mtolo wolemera amene sanafune kuonedwa. Tinkafika ulaliki utayamba. Jekete lawo la khaki linali ndi zigamba zambiri kuposa nsalu yake yoyamba. Sankakhala chofulatira phiri, ngakhale pamaliro. Akapeza mpando wayang'ana kwina ankautembenuza, eni nyumba akuona. M'mawa ankapereka moni wa Chilomwe, "Mosheliwa," ndipo mukawayankha m'Chingerezi ankangodutsa ngati mwawatukwana. Kunena zoona, sanali munthu wophweka kukhala naye. Ankakonda kuletsa, koma kufotokoza chifukwa ankakuona ngati kutaya malovu.

Chuma chawo chonse chinali kabokosi kakuda, kokwana m'chikhatho, kamene kankakhala pamwamba pa khoma la kuchipinda. M'kati munali nsalu yofiira yofewa, ndipo pakati pa nsaluyo panali ndalama yachitsulo, yasiliva, yaikulu kuposa ndalama zonse zimene tinkagulira zinthu, itatsekeredwa m'kapulasitiki koonekera. Mbali imodzi kunali mutu wa mtsogoleri wakale. Mbali inayo kunali mphalapala, nyanga zake zitapindikira kumsana. Anawapatsa ndi mzungu wina amene anabwera kudzawerenga mitengo ya mkungudza paphiri. Mzunguyo anathyoka mwendo kumtunda, ndipo amalume ndi anzawo anamutsitsa pamachira mpaka kumsewu. Potsanzikana anawauza kuti ndalama zotere zinapangidwa zochepa, osati zogulira mchere ayi, koma zoti anthu okonda kusonkhanitsa ndalama zachilendo azigula n'kumasunga, ndipo phindu lake lithandize kuteteza nyama zakutchire. Anawauzanso kuti mtengo wake wonse uli pa nkhope yakeyo, yosalala ngati galasi, ndiye asadzaikhudze ndi chala ngakhale kuipukuta.

Mawu omalizawa amalume anawasunga mumtima mwawo okha. Ife tonse tinkangomva lamulo loti, "Musagwire." Lamulungu lililonse masana ankatsitsa kabokosiko, n'kukhala pakhonde, n'kumayang'ana mphalapala ija kwa nthawi yaitali. Mlendo akapempha kuiona ankamuonetsera chapatali, manja a mlendoyo ali kumbuyo. Chifukwa cha zimenezi kunabuka mphekesera zoti ndalamayo ndi chizimba. Amalume atamva anaseka, n'kunena kuti chikanakhala chizimba bwenzi denga lawo lili lamalata.

Ine anandiuza tsiku lina, tikusenda chinangwa cha makaka, chimene ankaona m'kabokosimo. Ali mnyamata, asanalowe ntchito, anali mlenje, ndipo anali ndi mfuti yagogodera. Chaka china m'chigwa cha pakati pa mapiri munatulukira mphalapala imodzi yokha, yamphongo. Akuluakulu ankati papita nthawi asanaione nyama imeneyo kuno. Amalume anaitsata masiku awiri, n'kuipha, mudzi wonse unadya, akazi anawaimbira nthungululu. Kuyambira pamenepo sanaonenso mphalapala, ngakhale phazi lake, pa zaka zonse zimene anayenda m'tchire. Sankanena kuti inali yomaliza, poti zimenezo sakanazidziwa. Ankangoti imene anapha ija inabwera yokha ndipo sinapeze wina woichitira chifundo, ndiye iyi ya m'kabokosi aziisunga bwino.

Matipate atabwera, amalume anakangana pafupifupi ndi aliyense. Anthu anayamba kukwera phiri ndi nkhwangwa masanasana, ena kukacheka matabwa, ena kukaotcha makala, ndipo ukawafunsa ankati ndi ufulu. Amalume anali atapuma kale ntchito, analibenso mphamvu yogwira munthu, koma ankakhalabe pamphambano ya njira yakuphiri n'kumatchula dzina la mtengo uliwonse umene wadutsa pamutu pa munthu, ngati akulengeza maliro. Ankakonda kunena kuti nkhalango sitha ndi munthu wodula mitengo zana, imatha ndi anthu zana amene aliyense akuti wake ndi umodzi wokha. Tsiku lina achinyamata achipani anabwera kunyumba, atamva kuti akusunga nkhope ya mtsogoleri wakale.

"Madala, zinthu zinasintha. Mukusungiranji mutu umenewo?" anafunsa wamkulu wawo.

"Mutu wa ndani? Ine kumene kuli mutuko sindiyang'anako," anatero amalume. Anatembenuza kabokosi kaja n'kuwaonetsa mphalapala. "Wanga ndi uyu. Ngati ali ndi chipani, mufunseni."

Anyamatawo anaseka n'kumapita, koma mmodzi anabwerera kudzafunsa kuti nyamayo imakhala kuti. Anali asanaionepo, ndipo zimenezi zinawawawa amalume kuposa mwano wa anzake aja.

Akazi awo, aEsinati, amene ine ndinkawatchula kuti azakhali, anali osiyana nawo kwambiri. Anali olankhula, oseka mokweza, ndiponso aukhondo wodabwitsa. Mapoto awo ankawakwecha ndi phulusa ndi mchenga wosalala mpaka munthu kudziona nkhope. Ankati kupita ndi chinthu chakuda kumsika ndi kudzichotsa ulemu wekha. Tomato ankamupukuta mmodzimmodzi, nandolo ankamupeta kawiri. Monga mwa mwambo wathu, amalume anali mkamwini pamudzipo, ndipo nthaka inali ya azakhali. Chimene ankanyadira koposa chinali dimba la m'mbali mwa mtsinje, limene anasiyiridwa ndi mayi awo, ndipo ankati nawonso adzasiyira Lute, mwana wawo mmodzi yekha amene anakula. Ndalama ija ankaitchula kuti "mkazi mnzanga," chifukwa, ankatero, ndi yokhayo imene bambo a Lute ankaiyang'ana osathamangira kwina.

Kenako kunabwera njala ija ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Sindikufuna kuifotokoza, amene analipo akuidziwa. Kwa amalume nkhokwe inatha mvula isanayambe, makaka anatha, nyemba za kalongonda nazonso zinatha. Mkulu wina wogwira ntchito m'boma, wochokera boma lina, anali atayamba kale kuzungulira dimba la azakhali, akuti aligule. Ndipo Lamulungu lina amalume anandiitanitsa. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pasukulu ina yapafupi, ndipo njira za ku Blantyre ndinkazidziwa.

"Iwe Feliya, mawa undiperekeze kutauni. Akuti kuli sitolo imene imagula zinthu ngati izi," anatero, maso ali kuphiri. "Dimba lisapite. Ipite mphalapala."

Azakhali atamva anagwira pakamwa. Kenako anagwada n'kuwomba m'manja, chinthu chimene sindinawaonepo akuchitira amuna awo. Ine ndinatuluka panja chifukwa misozi inali pafupi.

M'mawa mwake ndinafika amalume atapita kumtsinje kukasamba. Azakhali anali kuseri kwa khitchini, ndipo nditawapatsa moni anayankha ali chofulatira, otanganidwa. Amalume atabwera, atavala jekete lawo lija, azakhali anawapatsa kabokosi kaja katakulungidwa m'kansalu koyera, komangidwa mfundo ziwiri.

"Ndakukonzerani bwinobwino, bambo a Lute. Akakaiona sakakana," anatero akumwetulira.

Tonse tinaganiza kuti akunena za kansaluko. Amalume anaika kamtoloko m'thumba la m'kati, ndipo ulendo wonse, panjinga mpaka paboma, pamatola mpaka ku Limbe, dzanja lawo linali pachifuwa. Sanamasule, poti ankaopa fumbi ndi maso a anthu.

Sitoloyo tinaipeza dzuwa lili paliwombo. Munali ziboliboli, masitampa akale ndi ndalama za maiko osiyanasiyana m'magalasi. Mwini wake, bambo wachikulire wa mandala, anatilandira mwaulemu. Amalume atamufotokozera chimene abweretsa, nkhope yake inasangalala, ndipo anati ndalama zimenezo amazidziwa, alendo akunja amazifunsa. Amalume anamasula mfundo zija pang'onopang'ono, n'kutsekula kabokosi.

Ndalama ija inali kuwala kuposa kale lonse. Pa zaka zambirizo inali itayamba kuda pang'ono m'mbalimbali, koma tsopano kuda konse kunali kutachoka, inali mbee. Ine, mwa umbuli wanga, ndinasangalala. Mwini sitolo anatenga kagalasi kokulitsa zinthu, anayang'ana kanthawi, n'kupumira m'mwamba.

"Bambo, wachita izi ndani? Aikwecha iyi. Taonani mizere yokhayokha, ngati pansi pa poto."

Anandipatsa kagalasiko. Thupi lonse la mphalapala linali ndi timizere tozungulira, ndipo pakati pa nyanga ndi khutu panatsalira kaphulusa. Pamenepo ndinakumbukira msana wa azakhali kuseri kwa khitchini.

"Kuda kuja sikunali vuto, ogula amakukonda kumene," anapitiriza mwini sitolo. "Koma yokwechedwa safuna n'komwe. Pepani kwambiri, sindingaigule. Ndikadzaigulitsa kwa yani?"

Ndinamuchonderera, ndinamuuza za njala, za dimba. Anapukusa mutu, ndipo ankaoneka kuti chisoni chinamugwiradi. Tinayesa malo ena awiri, koma kumeneko sanafune ngakhale kutsekula kabokosi. Kenako tinakakhala pansi pa mtengo pafupi ndi pokwerera magalimoto. Amalume anatulutsa ndalama ija m'kapulasitiki kake, n'kuigwira ndi zala zawo, koyamba chiilandirireni. Ankaisisita ndi chala chachikulu.

"Wamva zimene wanena bambo uja?" anandifunsa.

"Ndamva, amalume."

"Sunamve. Azakhali ako akwecha ichi ndi mtima wonse kuti apulumutse dimba la mayi awo. Akadziwa kuti manja awo omwe ndi amene alitaya, sadzadyanso chakudya n'kuchimva kukoma. Ine ndinkangoti musagwire, musagwire, osanena chifukwa. Wolakwa ndine. Ndiye mlanduwu ukhale wanga. Lumbira."

Ndinakana, ndinalira, ndinawauza kuti anthu adzawada. Anati kudedwa anakuzolowera kale pamphambano paja. Ndinalumbira.

Tinafika kumudzi tsiku lotsatira chakumasana. Azakhali anali pakhonde, atakutumula kale matumba awiri opanda kanthu, atawayala padzuwa. Ataona kuti tabwera chimanjamanja anaimirira.

"Bambo a Lute, chimanga chikubwera pambuyo?"

"Palibe chimanga. Mtengo anatchula wabwino, koma ndakana. Mtima wanga sunalole."

"Mwakana?" Azakhali anayang'ana amuna awo, kenako ine. "Iwe Feliya, unali pomwepo. Anaiona mmene ikuwalira? Ndinaikwecha ine mpaka zala kutupa."

"Anaiona, azakhali," ndinayankha. Limeneli silinali bodza, koma mpaka lero ndikalikumbukira limandiwawa kuposa bodza.

"Ndiye tidya nyanga zakezo?" anakuwa azakhali, mudzi wonse ukumva. Amalume analowa m'nyumba, anabwezera kabokosi pamwamba pa khoma, n'kutuluka kukakhala pampando wawo.

Dimba linagulitsidwa sabata yomweyo. Banja linapulumuka njala, koma m'nyumbamo munalowa kuzizira kumene sikunachokenso. Kwa miyezi yambiri azakhali ankangoika chakudya pakhomo osalankhula. Kenako anayamba kulankhula, koma nthabwala ya "mkazi mnzanga" ija sanaibwerezenso. Akamadutsa pamtsinje ankatembenuzira nkhope kwina kuti asaone kabichi wa mwini watsopano. Lute, poona kuti pamudzi palibe chake, anasamuka ndi mwamuna wake kupita ku Mozambique, kumene makolo athu anachokera, ndipo pochoka anatsanzika mayi ake okha. Kutchalitchi amalume anachotsedwa pa udindo umene anali nawo. Iwo sanadandaule. Lamulungu masana ankatsitsabe kabokosi kaja, anthu odutsa n'kumatsonya. Chimene anthuwo sankaona n'chakuti tsopano ankayang'ana pang'ono, koma kusisita kwambiri, chala chikutsata timizere tija.

Kangapo konse ndinafuna kuulula. Tsiku lina ndinafika mpaka pakhomo la khitchini, mawu ali pakamwa. Azakhali anali kukwecha poto, akuimba nyimbo yakwaya chapansipansi, mikono yawo ikugwira ntchito mwamphamvu ndi mwachimwemwe. Ndinaona chimene amalume ankateteza, ndipo ndinangopempha madzi akumwa.

Azakhali anatsogola kumwalira, patapita zaka zingapo. Anadwala miyezi itatu, ndipo amalume ndi amene ankawatembenuza ndi kuwamwetsa phala. Ndinamva ndekha azakhali akuwauza kuti, "Ndinakukhululukirani kale, bambo a Lute, koma sindinakumvetseni." Amalume anangoti, "Zikomo, mayi." Pa tsiku la maliro, bokosi lisanatsekedwe, amalume anapempha anthu kuti adikire. Anatulutsa ndalama ija m'thumba la jekete n'kuiika m'dzanja la akazi awo, n'kupinda zala zija. Anthu anang'ung'udza. Wina kumbuyo kwanga anati, "Akupereka lero, mwini dimba atafa?" Lute, amene anabwera pamalirowo, anatuluka m'nyumba.

Titamaliza zonse ndinawapeza amalume pampando wawo. Ndinawapempha kuti andimasule, kuti ndimuuze Lute yekha.

"Ayi. Ukamuuza asiya kudana ndi ine, ayamba kuwerengera mlandu mayi ake ali m'manda. Ine ndili moyo, ndikhoza kusenza."

"Nanga ndalama ija mwaiperekeranji?"

"Ndi yawo. Ine ndinkangoiyang'ana. Amene anaigwirira ntchito ndi iwowo."

Anakhala okha zaka zawo zomaliza. Maso anayamba kuchita khungu, mapazi a nyama sankawaonanso, ndipo pamphambano paja anasiya kupitapo, poti mitengo yodutsa inali itasanduka timitengo tosayenera kutchulidwa dzina. Atadwala tinatumiza uthenga kwa Lute kawiri. Anafika tsiku loika maliro, ndipo sanalire. Sabata yatha pachiliza sanabwere.

Lute, m'bale wanga, ndikudziwa kuti mawu awa adzakupeza. Ndaswa lumbiro, ndipo ngati ndalakwa ndidzayankha ndekha. Koma usawaimbe mlandu mayi ako. Anachita chimene mkazi aliyense waulemu wa kwathu akanachita, kutsuka chinthu chisanapite kumsika. Ndipo bambo ako sanakonde chitsulo kuposa inu. Anapita nacho kukagulitsa, ndinali nawo, ndinaona ndi maso angawa.

Anthu onse atabalalika ndinalowa m'nyumba muja ndekha. Denga layamba kudontha pakona, ndipo kuseri kwa khitchini, pamene azakhali ankathira phulusa, pamera bonongwe. Mpando wa amalume ukadali pakhonde. Wina pamwambo anautembenuzira kubwalo, ndiye ndinaubwezera kuti uyang'ane ku Michesi. Kenako ndinakwera pachitsa n'kupapasa pamwamba pa khoma la kuchipinda. Kabokosi kaja kalipo, kadzaza fumbi. Ndinakatsekula. Nsalu yofiira ija yasuluka ponseponse, kupatula pakati, pamene pali kadzenje kozungulira, kofiirabe ngati katsopano. Ndinaikamo chala, ndipo palibe amene anandiuza kuti ndisagwire.